Chipatala chaching'ono chikatseka, wodwala amalowera kuti?

Sabata imodzi ili ndi maola 168. Chipatala chaching'ono cha boma chikamatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 4:30 madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye kuti khomo la odwala oyendera limakhala lotsegula maola 45 okha. Kwina amawonjezerako m'mawa wa Loweruka. Maola otsalawo ndi oposa 100, ndipo matenda sadziwa kuti anthu aweruka. Thupi la mwana limakonda kutentha kwambiri dzuwa litalowa. Mphumu imamubanikitsa munthu m'bandakucha. Wa kabaza amagwa madzulo, msewu utadzaza ndipo mdima utayamba.

Taganizani za mayi wa mu Blantyre amene wabwera kuchokera kumsika cha m'ma 6 koloko, n'kupeza mwana wake wa zaka ziwiri thupi lili moto, wakana nsima, wasanza kamodzi. Atha kumupatsa panado wa m'golosale, kumupukuta ndi kansalu konyowa, n'kudikira kuche. Atha kubwereka ndalama kwa neba n'kuthamangira kukiliniki yolipira imene imatseka mochedwa. Apo ayi, abereka mwanayo, akwera njinga yamoto, ulendo wa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha mumzindawu, kumene akudziwa kuti khomo silitsekedwa. Chimene asankhe mayiyu, mukachiphatikiza ndi zimene akusankha anzake ambirimbiri usiku womwewo, ndicho chimadzaza mabenchi a chipatala chachikulu, ndicho chimasintha chiwerengero cha ogonekedwa, ndiponso ndicho chimabweretsa chikhamu chija chimene chimasefukira pakhonde la chipatala chaching'ono Lolemba m'mawa.

Ganizo limene limabwera msanga ndi lakuti tingotsegula zipatala zazing'ono usiku, chipatala chachikulu chipume, ndalama zipulumuke. Ganizoli lili ndi choona mkati mwake, koma ndi theka chabe. Mayiko amene anayesa anakumana ndi zina zimene sankaziyembekezera, ndipo ndi bwino tizidziwe tisanayambe kulonjezana.

Makwerero opanda khwerero lapakati

Dongosolo lathu la zaumoyo linamangidwa ngati makwerero. Pansi pali alangizi a zaumoyo m'midzi ndi zipatala zazing'ono. Pakati pali chipatala cha pa boma. Pamwamba pali zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri timachitchula kuti Gulupu, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Wodwala amayenera kuyambira pansi. Zikakanika, dokotala amalemba m'buku lake la kuchipatala kuti akaonedwe pamwamba.

Ku Blantyre khwerero lapakatilo kulibe. Mzinda umene kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu 800,000 ulibe chipatala cha pa boma. Munthu wa ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe kapena Chilomoni akachoka pachipatala chaching'ono, kotsatira ndi ku Gulupu basi. Chipatala chimenechi, chomwe chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chili ndi mabedi oposa 1,000, chimalandira odwala mwakayakaya ochokera m'maboma a kumwera, chimaphunzitsa madokotala, chimachita maopaleshoni amene kwina sangatheke. Koma usiku chimasandukanso chipatala chaching'ono cha mzinda wonse. Dokotala amene amayenera kukhala pa munthu wochita ngozi ya galimoto ali ndi mzere wa chifuwa, kutsegula m'mimba ndi mutu. Anthu amenewa sitingawanene. Anapita kumene kunali kuwala.

Zimene anapeza ku Manchester

Dziko limene lalimbana kwambiri ndi funsoli, komanso kuwerenga bwino zotsatira zake, ndi England. Abale athu amene ali kumeneko amalidziwa dongosolo lake: munthu aliyense amalembetsa kwa dokotala wa m'dera, yemwe amatchedwa GP, ndipo ndiye khomo lolowera kwa madokotala a matenda apadera. Ma GP amagwira ntchito kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 6:30 madzulo mkati mwa sabata. Kale GP aliyense ankasenza udindo wa odwala ake usana ndi usiku. Mu 2004 boma linasaina nawo mgwirizano watsopano wowalola kutula udindo wa usiku ndi wa kumapeto kwa sabata, n'kudulidwa mapaundi pafupifupi 6,000 pachaka. Ambiri anautula posakhalitsa. Zaka zotsatira, malo olandirira odwala mwadzidzidzi m'zipatala zazikulu, omwe kumeneko amati A&E, anapitiriza kudzaza, ndipo andale ambiri analoza chala mgwirizano umenewu, ngakhale kuti zifukwa zinalipo zambiri.

Mu 2013 nduna yaikulu David Cameron analengeza thumba la mapaundi 50 miliyoni loyesera kutsegula makiliniki a ma GP madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Ku Greater Manchester nako akuluakulu a zaumoyo anayesa zawo. M'chaka cha 2014 makiliniki 56, okhala ndi anthu olembetsa pafupifupi 346,000, anayamba kupereka mwayi woonana ndi dokotala madzulo, Loweruka ndi Lamlungu. Ofufuza anawayerekeza ndi makiliniki ena 469 a m'chigawo chomwecho amene sanasinthe kanthu.

Chimene chinatuluka n'chofunika kuchiwerenga mofatsa. Anthu odzipititsa okha ku A&E ndi matenda ang'onoang'ono anachepa ndi 26 pa 100 alionse, womwe ndi maulendo pafupifupi 11,000. Apa ganizo lija linapherezeka. Koma maulendo onse a ku A&E, kuphatikiza odwala kwambiri ndi otumizidwa, anatsika ndi 3 pa 100 alionse basi, kutsika kochepa koti ofufuzawo sanathe kunena motsimikiza kuti sikunangochitika mwamwayi. Ndipo kuti maulendo 11,000 aja apewedwe, makiliniki anaona anthu maulendo owonjezera pafupifupi 33,000. Pa anthu atatu alionse obwera madzulo, mmodzi yekha ndiye akanapita kuchipatala chachikulu. Ndalama zimene zinalowa pa ntchitoyi zinali mapaundi 3.1 miliyoni, pamene zopulumuka ku A&E sizinafike ndi mapaundi 800,000 omwe.

Kafukufuku wina, wa pakatikati pa London, anapeza kutsika kokulirapo: pafupifupi 10 pa 100 alionse pa sabata yonse, ndi 18 pa 100 alionse kumapeto kwa sabata. Manambala amasiyana malinga ndi dera, koma nkhani yake ndi imodzi. M'madera ena oyeserawo anaonanso kuti Lamlungu anthu sankabwera kwenikweni, moti makiliniki ena analeka kutsegula tsikuli. Kuyambira Okutobala 2022, chimene boma la England limafuna ndi 6:30 mpaka 8 koloko madzulo mkati mwa sabata, ndi 9 koloko mpaka 5 koloko Loweruka, ndipo makiliniki oyandikana amagawana ntchitoyo.

Nanga awiri aja ndi ndani?

Funso limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse. Ngati mmodzi mwa atatu akanapita kuchipatala chachikulu, awiri otsalawo anachokera kuti?

Wina ndi munthu amene akanabwera ndithu mawa lake masana. Wangosintha nthawi. Ndi kalaliki amene sakufuna kupempha chilolezo kwa abwana, ndi mayi wa geni amene akatseka benchi lake m'mawa ana agona ndi njala. Kwa munthu wotereyu khomo la madzulo ndi mpumulo waukulu, ndipo mzere wa m'mawa umafupika, koma chipatala chachikulu sichimvapo kanthu.

Winayo ndi munthu amene akanangokhala kunyumba. Ameneyu ndi mlendo weniweni m'kaundula, ndipo ndi amene amachititsa kuti chiwerengero chonse cha obwera kuchipatala chikwere. Walira mvula walira matope: ukatsegula khomo, anthu amalowa ochuluka kuposa kale, mankhwala amatha msanga, zoyezera malungo zimatha msanga. Owerenga ndalama ku England amamuona munthu ameneyu ngati katundu wowonjezera, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi chimfine kapena zilonda zapakhosi zimene zikanatha zokha.

Apa ndi pamene ife tiyenera kusiya kukopera. Kwathu kuno, amene akanangokhala kunyumba nthawi zambiri ndi mwana wa malungo. Malungo akapezeka msanga ndi nkhani ya kubaya pachala, mphindi 20 zodikira, ndi mapiritsi a LA a masiku atatu. Malangizo a zaumoyo amati mwana ayambe mankhwala pasanathe maola 24 chiyambireni kutentha thupi. Koma mwana amene wayamba kutentha Lachisanu madzulo n'kudikira Lolemba wataya maola oposa 60. Pofika nthawiyo atha kukhala akukomoka, magazi atachepa, akufunika diripi, magazi ndi bedi ku Gulupu. Chibayo n'chimodzimodzi, ndipo kolera, imene mu 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, sidikira n'komwe kuti kuche. Choncho munthu amene ku Manchester amaoneka ngati ulendo wosafunikira, kuno ndi amene khomo la usiku linayenera kutsegulidwira. Ine ndikaona chiwerengero cha obwera chikukwera chipatala chitayamba kutsegula madzulo, sindidandaula. Ndimafuna kudziwa kuti obwerawo ndi ndani, ndipo adwala kwa maola angati.

Makalata akachuluka

Pachipatala chachikulu anthu amafika m'njira ziwiri: odzibweretsa okha, ndi otumizidwa ndi kalata. Kutsegula chipatala chaching'ono usiku kumachepetsa oyambawo, koma achiwiriwo atha kuchuluka, ndipo izi zimadabwitsa akuluakulu amene ankayembekezera kuti manambala onse atsike limodzi.

Mbali ina ya kuchulukaku ndi yabwino. Dokotala akaona anthu ambiri, apezanso ambiri odwaladi. Mayi wa mutu waukulu ndi miyendo yotupa amene ali ndi pakati, bambo wa shuga amene wayamba kubwebweta, khanda limene lasiya kuyamwa, onsewa ayenera kutumizidwa, ndipo kutumizidwa 9 koloko usiku n'kosiyana kutalitali ndi kufika okha 9 koloko m'mawa atalefuka.

Mbali ina imachokera ku mantha a dokotala, mantha omveka. Masana, dokotala akakayika amatumiza magazi kulabu, amafunsa mnzake wa chipinda china, kapena amati, "Mayi, mubwere naye mawa ndidzamuonenso." Usiku labu ndi yotseka, mnzake kulibe, ndipo mawa iyeyo adzakhala akupumula. Wodwalayo sakumudziwa, mbiri yake ndi imene ili m'buku long'ambika, ngati bukulo labwera. Akamubweza kunyumba n'kumwalira, mlandu ndi wake. Akamutumiza pamwamba, palibe adzamufunse. Munthu aliyense pamalo amenewo angasankhe cholembera.

Ku England anaziona izi pa foni. Atayesa nambala ya 111, imene munthu amaimba akadwala koma asanafike pofuna ambulansi, ofufuza anapeza kuti m'madera oyeserawo anthu opita ku A&E sanachepe, pamene maulendo a ambulansi anakwera ndi pafupifupi 3 pa 100 alionse. Oyankha mafoniwo sanali anamwino. Ankatsatira mafunso a pa kompyuta, ndipo kompyuta ikakayika imasankha njira yopanda mlandu.

Ndiye pali mbali yachitatu, imene ndi yathuyathu: kutumiza chifukwa cha kusowa. Wodwala mphumu akanathandizidwa pomwepo, koma makina opumitsira kulibe kapena magetsi azima. Bala likanasokedwa, koma ulusi unatha. Mwana akanapatsidwa mankhwala a chibayo, koma kiyi wa kufamase wapita ndi mwini wake. Chipatala chotere chikatsegula usiku chimangokhala ofesi yolembera makalata. Wodwala wataya ola limodzi pabenchi, walipira njinga kawiri, ndipo wafika ku Gulupu mochedwa kuposa akanangopita yekha. Ulendo wotsatira sadzapatukanso. Madzi saiwala khwawa, ndipo anthu a m'tauni amauzana msanga kumene kuli thandizo ndi kumene kuli kalata.

Mmene anachitira a ku Netherlands

Dziko limene linapeza njira yokhalitsa ndi Netherlands. Cha m'ma 2000 ma GP kumeneko anatopa ndi kudzutsidwa usiku aliyense payekha, ndipo anayamba kudzisonkhanitsa m'magulu akuluakulu. Gulu limodzi limakhala ndi madokotala makumi angapo mpaka 200 ndi kupitirira, limasamalira anthu pakati pa 100,000 ndi 500,000, ndipo limakhala ndi malo amodzi otsegula kuyambira 5 koloko madzulo mpaka 8 koloko m'mawa, komanso kumapeto konse kwa sabata. Wodwala amayamba waimba foni. Woyankha, amene anaphunzitsidwa kusanja odwala ndipo ali ndi dokotala pafupi, amasankha: kulangiza pa foni pomwepo, kumuitana abwere, kapena kutumiza dokotala kunyumba pa galimoto. Maola amene dokotala mmodzi ankakhala tcheru pa sabata anatsika kuchoka pa 19 kufika pa 4.

Ku Maastricht, mu Januwale 2000, malo oterewa anawaika pakhomo penipeni pa chipatala chachikulu, kuti aliyense wobwera wopanda kalata ayambe waonedwa ndi GP. Odwala olowa mbali ya zadzidzidzi anachepa ndi theka, pamene oonedwa ndi ma GP anakwera ndi 25 pa 100 alionse. Thumba la munthu nalo limathandizira: wamkulu aliyense kumeneko amadzilipirira yekha mayuro 385 oyamba a chithandizo cha kuchipatala chachikulu pachaka, koma kwa GP salipira kanthu pa ndalama imeneyi.

Chimene ndimatolapo pa nkhani ya Netherlands ndi kusonkhanitsa anthu ogwira ntchito. Sanauze kiliniki iliyonse kuti isamatseke. Anatsegula malo ochepa, okwanira bwino, ndipo anagawana usiku.

Kumbuyo kwa khomo kuli ndani?

Tinene zoona, zipatala zathu zazing'ono sizitsekeratu. Kumatenite kumakhala namwino usana ndi usiku, ndipo m'malo ambiri, makamaka kumudzi, dokotala amakhala m'nyumba ya pachipatala pomwepo kuti aziitanidwa zikavuta. Ndinaziona ndekha usiku wina, titanyamula mwana wa mlongo wanga pa njinga kupita pachipatala china chakumudzi. Tinafika cha m'ma 10 koloko. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake atafunda bulangete, anatiunika ndi tochi, anayang'ana mwanayo nati, "Khalani pabenchipo, ndikawadzutse adokotala." Patapita kanthawi adokotalawo anabwera atavala jekete pamwamba pa zogonera. Batire la sola linali litatha, ndiye analuma foni yawo kuti tochi iunike, manja onse ali pa kachala ka mwana.

"Wayamba liti, mayi?"

"Dzulo madzulo, adokotala."

Mizere iwiri inatuluka, kusonyeza malungo. Anamuona m'maso ndi m'manja ngati magazi alipo, anamumwetsa LA woyamba pomwepo, anatidikiritsa kuti aone ngati sasanza, kenako anatiuza kuti tizipita koma akangokomoka kapena kukana kumwa tibwerere osadikira kucha. Mwanayo sanatumizidwe kulikonse. Pomwe timatuluka, anthu ena awiri anali atakhala kale pabenchi paja, ndipo ndinadziwa kuti adokotala amenewa 7:30 m'mawa adzapezeka pampando wawo ndi mzere wa anthu oposa 100.

Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Dongosolo loitana munthu yemweyo amene wagwira ntchito tsiku lonse limadalira mtima wa munthuyo, ndipo mtima umatopa. Kutopako kumaonekera m'njira zimene odwala amazidziwa: mlonda amayamba kusankha yekha woti adzutsiridwe dokotala, mawu akuti "munali kuti masana" amachuluka, kiliniki ya m'mawa imayamba mochedwa. Anthu amaphunzirapo kuti usiku usapite pokhapokha zitafika poipa, ndipo limenelo ndi phunziro loopsa kwambiri kwa mayi wa mwana wamng'ono. Kuwonjezera maola popanda kuwonjezera anthu ndi kungosamutsa maola omwewo kuchoka masana kupita usiku. Ndalama za lokamu, zimene ogwira ntchito amalandira akagwira nthawi yowonjezera, zimatseka dzenjelo pang'ono, koma zikachedwa miyezi anthu amagwa ulesi, ndipo sitingawadabwe.

Palinso ambulansi. Kalata yolembedwa pakati pa usiku ilibe ntchito ngati galimoto ili kutali, ilibe mafuta, kapena yapita kukatenga mayi wovutika pobereka kudera lina. M'tauni minibasi zimaleka kuyenda usiku ukakula, ndipo mtengo wa njinga yamoto kapena takisi umakwera. Si onse otumizidwa amafika kumene atumizidwa. Ena amabwerera kunyumba kukafuna ndalama, ena kukadikira bambo wa mwana kapena malume kuti avomereze. N'chifukwa chake chithandizo choyamba chisanafike chipatala chachikulu chili chofunika kwambiri: jakisoni woyamba wa malungo aakulu, mankhwala oletsa kukomoka, shuga wa m'magazi, diripi, mpweya. Wodwala amene wanyamuka atalandira zimenezi ali ndi maola m'manja. Amene wanyamuka ndi kalata yokha alibe.

Zimene tili nazo kale

Sitikuyambira pa ziro. Luso losanja odwala, loti amene ali pangozi aoneke msanga m'malo motsatira mzere, linakulira pa Gulupu pomwepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, gulu la Pulofesa Elizabeth Molyneux linakonzanso malo olandirira ana n'kuphunzitsa anamwino kuzindikira mwana wofunika thandizo la pompopompo. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8. Mwa imfa zonsezo, zochitika m'maola 24 oyamba zinatsika kuchoka pa 36 kufika pa 13 pa 100 alionse. Sanamange chipatala china. Anasintha chimene chimachitika pakhomo, ndipo njira imeneyi, yotchedwa ETAT, ikuphunzitsidwa m'mayiko ambiri lero. Khomo la usiku pachipatala chaching'ono likufunika luso lomweli kuposa china chilichonse.

Tilinso ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba mu 2011 m'boma la Balaka mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, kenako chinafalikira dziko lonse n'kutengedwa ndi Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba foni kwaulere n'kulankhula ndi wa zaumoyo. Foni singabaye mwana pachala, koma itha kumuuza mayi kuti kupuma kothamanga ndi nthiti zolowa mkati si za mawa, kapena kuti apitirize thanzi ndi kuyamwitsa mpaka kuche. Ndipo kuyambira 2008 alangizi a zaumoyo m'madera ovuta kufikako ali ndi makiliniki a m'mudzi othandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Mlangizi amene amagona m'mudzi momwemo, bokosi la mankhwala lili m'nyumba, ndiye chithandizo cha usiku chapafupi kwambiri chimene tili nacho. Amene amakhala pa tauni n'kumabwera masiku awiri pa sabata sangagogodedwe pakati pa usiku.

Zipatala za mishoni za CHAM nazo zimalandira anthu usiku m'madera ambiri, koma n'zolipira, kupatula chithandizo chimene boma linagwirizana nazo kuti lizilipirira, makamaka cha amayi apakati ndi makanda.

Boma linayesapo njira ya chikwapu, yolipiritsa amene walumpha chipatala chaching'ono n'kukafika kuchipatala chachikulu wopanda kalata. Masana njirayi ili ndi pomveka. Usiku ilibe, chifukwa sungalange munthu kaamba kolumpha khomo lokhoma. Ku Netherlands ndalama ija imagwira ntchito chifukwa khomo linalo ndi lotsegula ndipo lili ndi zonse. Kwathu chindapusa chotere chimangobweza wosauka kunyumba, ndipo wosauka ndi amene kale amachedwa kubwera.

Maganizo anga ndi akuti kutsegula zipatala zonse zazing'ono maola 24 ndi lonjezo limene tilibe anthu olikwaniritsira, ndipo tikaliyesa tidzawononga ndi chithandizo cha masana chomwe. Chotheka m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe ndi kusankha zipatala zochepa m'madera odzaza anthu, monga Ndirande komwe kuli anthu oposa 100,000, n'kuziyendetsa ndi gulu lachiwiri la ogwira ntchito, losiyana ndi la m'mawa, mpaka 9 kapena 10 koloko usiku komanso Loweruka ndi Lamlungu. Pamenepa sindingatsatire a ku England osiya Lamlungu, poti malungo athu sasiya tsiku. Gululo likhale ndi dokotala wotha kugamula, namwino wosanja odwala pakhomo, zoyezera malungo, shuga ndi magazi, kabati ya mankhwala imene kiyi wake ali pomwepo, nyali zosadalira magetsi okha, mlonda wokwanira kuti namwino wamkazi asaope, ndi nambala ya dokotala wa kuchipatala chachikulu woti afunsidwe pa foni kalata isanalembedwe. Zipatala zoyandikana zizipereka anthu mosinthana. Kumudzi, kumene mtunda ndi waukulu, yankho ndi dokotala wachiwiri ndi nyumba yake, kuti wodzutsidwa usiku apume m'mawa.

Ndipo tikayesa, tiziwerenga zoyenera. Chiwerengero cha obwera chidzakwera, ndalama za mankhwala zidzakwera, makalata mwina adzachuluka miyezi yoyamba. Amene adzayang'ane zimenezi zokha adzati ntchito yalephera. Zofunika kuziwerenga ndi izi: ana akufika atadwala maola angati, pa otumizidwa usiku ndi angati akufikadi ndipo ndi angati akugonekedwa, odzibweretsa okha ku Gulupu ndi matenda ang'onoang'ono pakati pa 5 koloko ndi 10 koloko achepa bwanji, ndipo imfa za m'maola 24 oyamba zasintha motani. Ngati pa otumizidwa 10 alionse, 8 akubwezedwa ndi panado, dokotala wotumizayo akufunika zipangizo kapena mnzake womufunsa. Dokotala ameneyu ayeneranso kumva mmene zinathera. Nthawi zambiri amalemba kalata usiku, wodwala amapita, ndipo pokhapokha bukulo litadzabweranso m'manja mwake tsiku lina, sadziwa ngati chimene anachikayikira chinali chomwecho, kapena ngati mwanayo anafika n'komwe.